Kuyanika Bowa: Zimene Zimatsala ndi Zimene Zimatayika

Bowa wam'tchire amadza pa nyengo imene dzuwa silidalirika. M'nkhalango za miombo, kuyambira ku Malawi ndi ku Zambia mpaka ku Mozambique, Zimbabwe ndi Tanzania, bowa wambiri amamera pakati pa Disembala ndi Malichi, pamene kumwamba kuli mitambo ndipo mpweya uli ndi chinyezi chochuluka. Mayi amene walawirira kutchire nabwera ndi dengu lodzaza ali ndi tsiku limodzi kapena awiri okha oti adye, agulitse kapena asunge zimene wazulazo. Akachedwa, dengulo limadzaza mphutsi. Amene anadutsapo pa msewu wa pakati pa Zomba ndi Liwonde mu Januwale anaona mbale za bowa zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Chimene wapagalimoto saona ndi bowa amene watsala dzuwa likamalowa, ndipo nkhani ino ikunena za bowa ameneyo.

Mayina amasintha tikawoloka malire, koma bowa wake ndi yemweyo. Ndelema wa ku Malawi ndiye tente wa ku Zambia, ndiyenso nhedzi wa ku Zimbabwe. Asayansi amamutcha Amanita loosii, pamene mabuku akale amati Amanita zambiana. Utale, nyonzwe ndi manda ndi a mtundu wa Termitomyces, umene chiswe chimalima m'chulu. Manyame ndi wa mtundu wa Cantharellus, umene Abemba amati chitondo. Pambali pa awa pali bowa wolimidwa wa oyisitala, amene magulu a achikumbi amalima m'matumba a pulasitiki pogwiritsa ntchito zotsalira za mbewu. Onsewa ali ndi madzi pafupifupi magawo 90 mwa magawo 100 alionse, ndipo kuti asungike madziwo ayenera kutsika kufika pa magawo 10 kapena 12. Ndiye kuti pa makilogalamu 10 a bowa wamuwisi pamatsala kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo madzi pafupifupi malita 9 ayenera kutuluka.

Kale mlangizi ankafunsidwa funso limodzi lokha: kodi bowa wouma asungika mpaka liti osachita chuku? Masiku ano ogula a m'mizinda ndi amalonda oika bowa m'mapaketi akufunsanso lachiwiri: kodi ma-antioxidant atsalamo? Ambiri amaganiza kuti yankho lagona pa kusankha pakati pa dzuwa ndi makina. Si choncho ayi. Zimene zimagamula mlanduwu ndi kutalika kwa nthawi imene bowa wakhala wonyowa ndi wofunda atazulidwa kale, madzi amene tataya pomufutsa, ndi kutentha kumene kwapyola muyeso.

Kodi ma-antioxidant n'chiyani?

Mpweya wa okosijeni umatipatsa moyo, komanso umadya zinthu. Khasu losiyidwa pamvula limachita dzimbiri, nthochi yosenda imada, nsinjiro zokhalitsa zimayamba kununkha ndi kuwawa. Yonseyi ndi ntchito ya okosijeni. M'thupi mwa munthu namonso, pamene maselo akugaya chakudya kuti apeze mphamvu, mumatuluka tizinthu tolusa ta okosijeni timene timagwira mafuta, mapuloteni ngakhalenso DNA ya m'maselo n'kuziwononga. Ma-antioxidant ndi zinthu zimene zimalola kugwidwa m'malo mwa maselowo. Ena thupi limadzipangira, ena timadya. Tsono kwa ife oyanika mfundo yake ndi iyi: chinthu chimene ntchito yake ndi kugwidwa ndi okosijeni sichidikira kuti chifike m'mimba. Chimagwidwira pamphasa pomwepo, ndipo chikagwidwa chatha ntchito.

M'bowa muli magulu angapo a zinthu zimenezi, ndipo gulu lililonse lili ndi mdani wakewake. N'chifukwa chake palibe njira imodzi yoyanikira imene imasunga onse mofanana.

Gulu lodziwika kwambiri ndi la ma-phenol, monga gallic acid ndi protocatechuic acid. Amenewa amasungunuka m'madzi, ndiponso, monga tionere posachedwa, bowa mwini wake amawawononga. Kenaka pali ergothioneine, amene ndiye chuma chenicheni cha bowa. Anapezeka koyamba mu 1909 ndi Charles Tanret wa ku France, m'chuku chotchedwa ergot chimene chimagwira ngala za mbewu ya rye. Nyama ndi zomera sizimupanga. Amapangidwa ndi bowa, chuku ndi mabakiteriya ena. Mu 2005 gulu la Dirk Gründemann ku Cologne linaonetsa kuti maselo a munthu ali ndi khomo lakelake lolowetsera ergothioneine, ndipo amasonkhana m'magazi, m'chiwindi ndi m'impso. N'kovuta kukhulupirira kuti thupi lingamangire khomo chinthu chimene lilibe nacho ntchito. Kafukufuku wa pa Pennsylvania State University wa mu 2017 anapeza kuti bowa ali m'gulu la zakudya zolemera kwambiri ndi ergothioneine pamodzi ndi mnzake glutathione, ndiponso kuti mitundu ya bowa imasiyana kutalitali pa kuchuluka kwake. Oyisitala ali naye wambiri kuposa bowa woyera wa batani wa m'masitolo. Ergothioneine saopa moto kwenikweni. Amaopa madzi, pakuti amasungunuka msanga n'kupita ndi msuzi.

Manyame ali ndi gulu lina, la ma-carotenoid, a fuko limodzi ndi aja amene amapatsa maonekedwe kaloti, maungu ndi mbatata yachikasu mkati. Mmodzi mwa iwo, canthaxanthin, anatengera dzina lake ku Cantharellus chifukwa anapezeka koyamba m'bowa wa mtundu umenewu. Amenewa sasungunuka m'madzi, koma kuwala kumawasulukitsa. Vitamini C naye alimo, koma ndi wochepa, ndipo amatha ndi moto, madzi ndi mpweya womwe. Za iye tisataye nthawi. Magwafa ndi malambe alipo.

Mdani amene ali m'bowa momwemo

Bowa wozulidwa sanafe. Amapitiriza kupuma, amatulutsa kutentha, ndipo ma-enzyme ake, amene ndi mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'maselo, amapitiriza ntchito. Pa ma-enzyme amenewa, wotivuta ndi polyphenol oxidase, amene ena amati tyrosinase. Bowa ali m'nthaka, enzyme imeneyi ndi ma-phenol zimakhala m'zipinda zosiyana za selo. Bowa akatunduzika m'dengu, akadulidwa kapena akayamba kufota, makoma a zipindazo amagwa, ziwirizo zimakumana, okosijeni amalowa, ndipo ma-phenol amasanduka utoto wakuda. Kuda kumene timaona pa bowa amene wagona usiku m'thumba ndi chizindikiro chakuti ma-phenol akutha. Mlangizi safunika labotale kuti aone zimenezi.

Enzyme imeneyi imafuna zinthu ziwiri: madzi ndi kufunda. Kutentha kwa masana a m'dzinja, kwa madigiri 25 mpaka 35, ndi kumene imakondwera nako. Imaleka ntchito madzi akachepa, ndipo imafa ikatenthedwa kupitirira madigiri 70 kapena 80. Pakati pa ziwirizi pali nthawi yoopsa, pamene bowa ndi wofunda koma akadali wonyowa. Bowa amene watenga masiku anayi kuti aume, kuyanikidwa m'mawa, kuanulidwa mvula ikagunda, kuunjikidwa m'lichero usiku wonse, wakhala m'nthawi yoopsayo masiku anayi athunthu. Mphutsi nazo zimakhala zikudya, ndipo chuku chimayamba. Bowa yemweyo atauma tsiku limodzi akanataya zochepa, ngakhale pa dzuwa lomwelo.

Choncho zinthu zazing'ono zimene timazinyalanyaza zimaposa makina odula. Choyamba ndi makulidwe a zidutswa. Madzi a pakati ayenera kuyenda mpaka kunja, ndipo chidutswa chikachepa theka pa kuchindikala kwake, nthawi youma sichepa theka lokha koma imatsika pafupifupi kanayi. Zidutswa za theka la sentimita kapena kucheperapo n'zabwino. Utale wamkulu woyanikidwa wathunthu amauma kunja, mkati akuwola. Oyisitala sachita kudula. Amang'ambika bwino ndi manja motsata mitsitsi yake. Mpeni ukhale wosachita dzimbiri, chifukwa chitsulo chikakumana ndi ma-phenol chimawadetsa ndi kufulumizitsa kuwonongeka kwawo. Pa chifukwa chomwecho lata ladzimbiri si poyanikira. Bowa ayalidwe osasanjikizana, pa thandala lokwera la bango kapena la sefa, kuti mphepo ipite pansi ndi pamwamba. Pa mphasa yoyala pansi, mbali yakunsi imangokhala m'chinyezi chake.

Nanga kutsuka? Mabuku amati tisatsuke, tingopukuta. Amene analemba zimenezo sanatafunepo mchenga wa m'chulu. Ngati bowa ali ndi dothi, tsinde lipalidwe kutchire komweko asanalowe m'dengu, ndipo ngati kutsuka kuli kofunikabe kukhale kwachangu, asanadulidwe, osati komunyika m'beseni.

Kufutsa

M'midzi yambiri amayi sayanika bowa wamuwisi. Amayamba amuwiritsa, monga amachitira ndi mfutso wa nkhwani kapena khwanya, kenaka n'kumuyanika. Alangizi ena amaona ngati ndi mwambo woyenera kuthetsedwa. Ife sitikuvomereza. Kufutsa kumapha enzyme tanena ija, kumapha mphutsi ndi mazira ake, kumachepetsa tizilombo towoletsa, ndipo bowa wofutsa amafewa msanga pophika. Asayansi akamawiritsa masamba pang'ono asanawaike m'makina oumitsira amachita zomwezo, pa zifukwa zomwezo. Amayiwo anazitulukira kale.

Cholakwika chili pa madzi. Mphika ukadzazidwa madzi, bowa n'kuwira nthawi yaitali, msuzi wakudawo n'kutayidwa kuseri kwa nyumba, ndiye kuti gawo lalikulu la ergothioneine, ma-phenol, potaziyamu ndi mavitamini a gulu la B lapita nawo. Kukoma nakonso kwapita, pakuti zinthu zokometsa bowa zimasungunukanso m'madzi. Mdani wa m'kati tamupha, koma chuma tachitaya tokha.

Pali njira ziwiri zokonzera zimenezi popanda kugula chilichonse. Yoyamba ndi kufutsa pa nthunzi: madzi pang'ono pansi pa mphika, timitengo toyera topingasa kapena sefa pamwamba pa madziwo, bowa wodula pamwamba pake, chivundikiro, kwa mphindi 3 mpaka 5 madzi atayamba kuwira. Bowa sakhudza madzi, motero zosungunuka zambiri zimatsala. Yachiwiri ndi kuthira madzi ochepa kwambiri kuti aphwerere m'bowa momwemo. Bowa amatulutsa madzi akeake akatenthedwa, ndipo ngati mphika waphulidwa msuzi utauma palibe chimene chatayidwa. Vitamini C afa, koma ergothioneine atsala. Kuwaza madzi a mandimu pa zidutswa zisanafutsidwe kumathandizanso, chifukwa enzyme ija siigwira ntchito m'zowawasa. Amalonda ena amagwiritsa ntchito mankhwala a sulphite poyeretsa bowa. Amenewa amawononga vitamini B1 ndipo amadwalitsa anthu ena odwala mphumu, choncho si oyenera kuwalangiza pamudzi.

Apa tichenjeze mwamphamvu. Pali bowa wina wa mitundu ya Russula ndi Lactarius amene ndi wowawa kapena woyabwa pakhosi, ndipo anthu amamudya pokhapokha atamuwiritsa ndi kutaya madzi. Kumene mwambo uli wotaya madzi chifukwa cha bowa wotere, madziwo atayidwe ndithu. Mlangizi asasinthe zimenezo pofuna kupulumutsa ma-antioxidant. Komanso kufutsa kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wa bowa wakupha. Amanita phalloides, amene anafika kumwera kwa Africa pamodzi ndi mitengo yochokera ku Ulaya, ali ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi moto kapena dzuwa. Bowa akadulidwa n'kuuma, ngakhale agogo odziwa bowa sangathe kumuzindikira. Kusankha kuchitike bowa ali wamuwisi ndi wathunthu, tsinde lake lilipo, ndipo mtundu uliwonse uyanikidwe paokha.

Dzuwa, choumitsira ndi utsi

Dzuwa limapereka ndi kulanda. Kuwala kwake kumasulukitsa ma-carotenoid. Manyame amene anali wachikasu chowala akatuwa pamphasa, ndiye kuti atha. Kumawononganso vitamini B2. Koma kuwala komweko kumachita chinthu chimene makina a m'nyumba sangachite. M'bowa muli chinthu chotchedwa ergosterol, chimene cheza cha dzuwa cha UV-B chimasandutsa vitamini D2, wothandiza mafupa. Ola limodzi kapena awiri pa dzuwa la masana, zidutswa zitagadamitsidwa kuti timizere takunsi tipenye kumwamba, zimakwanira kuti vitaminiyu achuluke, ndipo amakhalamo miyezi yambiri bowa atauma. Galasi limatchinga cheza chimenechi. Vitamini D si antioxidant, koma mlangizi amene angauze anthu kuti dzuwa n'loipa wawamana phindu. Nzeru yake ndi kugawa: dzuwa lachindunji kwa maola oyamba, kenaka kumalizira pamalo otentha koma otchingika ku kuwala. Manyame yekha ndiye asachedwe padzuwa.

Choumitsira cha dzuwa, bokosi lija lokutidwa ndi pulasitiki kapena galasi, ntchito yake yeniyeni anthu ambiri saimvetsa. Sichiumitsa chifukwa chotentha kokha, koma chifukwa mpweya wotentha umatha kunyamula madzi ambiri. Mpweya wa m'dzinja wa madigiri 25 wokhala ndi chinyezi cha magawo 80 mwa 100 uli pafupi kukhuta, ndipo sungalandire madzi ambiri a m'bowa. Mpweya womwewo ukatenthedwa kufika madigiri 50, chinyezi chake chimatsika kufika pafupifupi magawo 20 mwa 100. Umakhala ndi ludzu. Koma ukamwa madziwo uyenera kutuluka kuti wina ulowe. Bokosi lotsekedwa konsekonse, limene pulasitiki yake ikuchita thukuta mkati, silikuumitsa bowa. Likumuphika m'nthunzi yake, ndipo ndi loipa kuposa mphasa. Pakhale polowera mpweya pansi ndi potulukira pamwamba. Choumitsira chabwino koposa pa nkhani ya ma-antioxidant ndi chimene dzuwa limatenthetsa mpweya m'chipinda china chakuda, mpweyawo n'kukwera kudutsa m'masefa a bowa amene ali mumdima.

Kutentha koyenera ndi kwa madigiri 50 mpaka 60. Kukachepa, tabwerera m'nthawi yoopsa ija. Kukapyola madigiri 70 bowa akadali wonyowa, kunja kumauma msanga n'kukhala ngati chikopa chotsekera madzi mkati, bowa amapserera, ndipo zinthu zosapirira moto zimatha. Gulu la achikumbi limene lagula choumitsira koma lilibe choyezera kutentha likuyenda mumdima, chonsecho choyezeracho ndicho chotsika mtengo pa zida zonse.

Pa masiku amvumbi dzuwa kulibe, ndipo amayi amaika bowa pa nsanja pamwamba pa moto. Njira imeneyi yapulumutsa ndiwo zambiri ndipo sitingaipeputse. Moto umaumitsa usiku womwe, utsi umathamangitsa tizilombo. Mu utsi wa nkhuni mulinso ma-phenol akeake, monga guaiacol ndi syringol, amene amamatirira pa bowa n'kuchedwetsa kuwonongeka kwake. Koma mu utsi womwewo muli benzopyrene, amene bungwe la International Agency for Research on Cancer linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Bowa wakuda ndi mwaye si wabwino ngakhale atasungika chaka. Nsanja ikhale patali ndi malawi, pansi pakhale makala ofiira m'malo mwa nkhuni zauwisi zofuka, ndipo moto woyatsira mapepala a pulasitiki usayandikire chakudya. Magulu amene angathe kumanga atengere nzeru ya balani ya fodya wa Virginia, imene alangizi a ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi akuidziwa bwino: moto uli kunja, kutentha kumayenda m'mapaipi, utsi sukhudza zoumitsidwa. Tikunena kamangidwe kake, osati kuika bowa m'balani ya fodya.

Njira imene kawirikawiri imasunga zambiri ndi youmitsa mozizira, imene bowa amayamba waumitsidwa ngati ayezi, kenaka mpweya n'kupopedwa m'makinamo kuti ayeziyo asanduke nthunzi osasungunuka. Enzyme siipeza mpata, moto palibe. Koma makina ake ndi odula, amafuna magetsi osazima kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndipo bowa wake amakhala wa timabowo tambirimbiri tomwa chinyezi msanga. M'malipoti a kafukufuku njira imeneyi ndi muyeso woyerekezera njira zina. Kwa mayi wa dengu uja ilibe yankho.

Kuwerenga manambala a ku labotale

Alangizi anzathu amene amawerenga malipoti aona kuti sagwirizana. Lina limati kuumitsa ndi mpweya wotentha kunachepetsa ma-antioxidant, lina limati kunawachulukitsa. Onse akhoza kukhala kuti anayeza bwino. Tiyenera kudziwa chimene anayeza.

Njira ziwiri ndizo zofala. Ina imagwiritsa ntchito mankhwala a Folin-Ciocalteu, amene Otto Folin ndi Vintilă Ciocalteu anakonza mu 1927. Amasanduka obiriwira ngati thambo akakumana ndi ma-phenol. Ina ndi ya DPPH, imene Marsden Blois anafotokoza mu 1958; madzi ake ndi a mtundu wa chibakuwa ndipo amasuluka kukhala achikasu akakumana ndi antioxidant. Vuto ndi lakuti mankhwala onsewa sasankha. Amasintha mtundu ndi chinthu chilichonse cha khalidwe limenelo. Bowa akatenthedwa kwambiri, shuga ndi mapuloteni ake zimagwirizana n'kupanga zinthu zatsopano zofiirira, monga zimachitikira pa chimanga chokazinga kapena kunsi kwa chikondamoyo. Louis-Camille Maillard ndiye anafotokoza zimenezi mu 1912. Zinthu zatsopanozi zimasulukitsa DPPH. Ma-phenol a mu utsi nawo amawerengedwa ngati a m'bowa. Motero bowa wopserera kapena wofuka akhoza kupambana mayeso, chonsecho zake zachibadwa zawonongeka. N'zoona kuti kutentha kwapakati kumamasula ma-phenol ena amene anali omangika ku makoma a maselo, ndipo kukwera kwina kwa manambala n'kwenikweni. Koma lipoti limene layeza ergothioneine kapena phenol wina payekha ndi lodalirika kuposa limene langopereka nambala imodzi ya zonse pamodzi.

Msampha wachiwiri ndi wa masamu. Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti magalamu 100 a bowa wamuwisi ali ndi mamiligalamu 10 a chinthu china. Bowa akauma kulemera kwake kumatsika pafupifupi kasanu n'kanayi, choncho ngati palibe chatayika, magalamu 100 a bowa wouma ayenera kukhala ndi mamiligalamu 90. Labotale ikapeza 45, wamalonda alemba papaketi kuti bowa wouma ali ndi zochuluka kanayi kuposa wamuwisi. Sananame, komabe theka latayika. Poyerekeza njira ziwiri, manambala onse akhale owerengedwa pa kulemera kwa bowa wopanda madzi, ndipo bowa wake akhale wa mtundu umodzi, wozulidwa tsiku limodzi, wa msinkhu wofanana. Kusiyana kwa pakati pa mitundu iwiri ya bowa nthawi zambiri kumaposa kusiyana kwa pakati pa njira ziwiri zoyanikira. Pa chifukwa chomwecho, zimene zapezeka pa shiitake wa ku Asia kapena batani wa ku Ulaya zimatiphunzitsa mmene zinthu zimayendera, koma manambala ake si a ndelema kapena utale.

Chachitatu, zimene zachitika m'kabotolo ka labotale si zimene zimachitika m'thupi. Mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku United States unachotsa ndandanda yake ya manambala a ORAC, amene ankasonyeza mphamvu ya antioxidant m'zakudya, chifukwa amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika pomwe panalibe umboni wakuti manambalawo akusonyeza phindu m'thupi la munthu. Bowa ndi ndiwo yabwino, ya mapuloteni, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi, imene imathandiza banja m'miyezi imene masamba asowa. Si mankhwala a shuga, khansa kapena Edzi, ndipo gulu la achikumbi limene lingalembe zotero papaketi likhoza kuchititsa wodwala kusiya mankhwala a kuchipatala.

Bowa akauma

Bowa wouma bwino amathyoka ngati kamtengo kouma. Akamapindika ngati chikopa ndiye kuti sanaume, ndipo abwerere pa thandala. Njira ina yoonera ndi kuika zidutswa zozizira m'botolo louma, kutseka, ndi kuliika padzuwa kwa kanthawi. Mkati mukachita thukuta, madzi akadalimo. Asatsekeredwe ali wotentha.

Okosijeni saleka ntchito chifukwa bowa wauma, amangochepetsa liwiro. Bowa wouma amamwanso chinyezi cha mumpweya, ndipo mu Febuluwale akhoza kufewanso pa masiku ochepa. Chikwatu cha masamba a msuku chopachikidwa kudenga la khitchini chimasunga bowa mumdima ndi pouma, ndipo kwa ndiwo za pakhomo n'chokwanira malinga moto ukuyaka tsiku ndi tsiku. Bowa wogulitsa afunika botolo kapena chitini chotseka bwino, kapena thumba la pulasitiki yochindikala lomatidwa, losungidwa mumdima. Mapaketi oonekera mkati opachikidwa padzuwa pamsika amakopa ogula, koma amene wakhalitsa pamenepo amasuluka. Ufa wa bowa umawonongeka msanga kuposa zidutswa, chifukwa mpweya umafika paliponse. Asinjidwe pang'onopang'ono, pamene akufunika.

Kutayika kotsiriza kumachitikira kukhitchini, miyezi itapita. Bowa wouma amanyikidwa m'madzi kuti afewe, ndipo zonse zimene tinazipulumutsa pofutsa pa nthunzi zimatulukira m'madzi amenewo. Ngati bowa ndi wa mtundu wosafuna kutaya madzi ndipo anayanikidwa paukhondo, madziwo adikhe kuti mchenga utsike pansi, atsanulidwe mosamala, ndipo akhale omwewo ophikira, kaya ndi bowa wotendera kaya wa tomato ndi anyezi. Chidulo kapena soda zimafewetsa bowa wolimba, koma ma-phenol ndi vitamini B1 sizipirira zimenezi. Bowa wodulidwa mopyapyala ndi wofutsidwa bwino amafewa ndi kunyika kokha, ndipo chidulo sichifunika.